Munga Wachiwiri wa Shaki ya Yasna

A Baldomero Neira anabadwira ku Lebu, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yaikulu yamchere, kumtunda kwa doko, m'nyumba yamatabwa imene mphepo ya kunyanja inkalowamo popanda odi. Bambo awo anali wokumba malasha, koma mgodi utayamba kufooka, ana aamuna onse a m'nyumbamo anatsetserekera kumaboti. A Baldomero anayamba ndi ntchito yoika nyambo kumbedza ali chiimire padoko, ndipo ndevu zitamera anakwera maboti opita kutali, kumene madzi amada bii ndipo chingwe chimatsika mpaka munthu kuyamba kukayika ngati nyanja ili ndi pansi. Kumeneko n'kumene amasaka bacalao, nsomba yaikulu yonona imene anthu a ku Lebu amaigwira koma saidya kawirikawiri, chifukwa yambiri imapita kunja.

Malo awo m'boti anali m'mphepete, pamene chingwe chimatulukira m'madzi. Bacalao ikabwera ankaikoka ndi ngowe. Koma mbedza zambiri zinkabwera ndi tishaki takuda, totalika ngati mkono wa munthu, ta maso aakulu obiriwira ngati botolo. Asodzi amangotitcha tollo tonse, osasiyanitsa. Nyama yake inalibe msika. Chimene ankafuna ndi chiwindi chokha, chimene ankachiponya mumgolo kuti chikayengedwe mafuta. Pamsana pa tollo pali zipsepse ziwiri, ndipo kutsogolo kwa chipsepse chilichonse kuli munga wolimba ngati msomali.

Munga umenewu ndi umene unalemaza mkulu wawo, a Segundo. Unawalasa m'chikhatho boti lili kutali, ndipo pamene ankafika kumtunda dzanja linali litatupa ngati buledi. Madokotala anapulumutsa mkono, koma zala sizinapindikenso. Kuyambira pamenepo a Baldomero anadziikira lamulo, ndipo boti lililonse limene anakwera linatengera lamulolo: tollo ikangogwera m'boti, minga idulidwe kaye, zina pambuyo. Ankadula ndi chopanira chodulira waya chimene chinkalendewera m'chiuno mwawo. Kha, kha! Minga n'kuponya m'chitini chomangirira pamzati kuti wina asaiponde, ndipo chitinicho ankachikhuthulira m'madzi polowa padoko. Anachita zimenezi kwa zaka zambiri, mpaka dzanja linasiya kufunsa mutu. Akazi awo, mayi Uberlinda, ankati ngakhale m'tchalitchi zala za amuna awo zimatseka ndi kutsegula zokha pabondo.

Mayi Uberlinda anakalambira mufakitale yotumbula ndi kusenda nsomba, ataimirira pansi ponyowa, mpaka zala zawo zinakhota ndi kuzizira. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Yasna, ndipo analumbira kuti ameneyu sadzalowa pachipata cha fakitaleyo. Yasna anali wanzeru m'kalasi. Anapita kumzinda wa Concepción kukaphunzira za zamoyo za m'nyanja, ndipo makolo ake ankaganiza kuti akaphunzira za anamgumi, kapena za bacalao imene. Koma iye anasankha tollo.

"Pa nsomba zonse za Mulungu," anatero mayi ake, "iwe wasankha zinyalala za bambo ako."

Tsiku lina, nyengo ya bacalao ili pafupi kuyamba, Yasna anafika ndi bokosi la madzi oundana n'kulitsegula kukhitchini. Anatulutsa tollo ziwiri n'kuzigoneka patebulo.

"Iwe, patebulo langa lodyera?" anakuwa mayi ake. "Ana a anzathu akachokera kutauni amabweretsa keke."

"Pepani amayi, ndipukuta. Ababa, tabwerani muone. Apa pali mitundu ingati?"

"Tollo ndi tollo, mwanawe," anayankha a Baldomero.

"Gwirani iyi. Sisitani kuchokera kumchira kupita kumutu. Eya. Tsopano iyi."

A Baldomero anasisita. Yoyamba inkakanda pang'ono, monga mmene ankadziwira. Yachiwiri inkakanda kwambiri, ngati sandipepala watsopano, mpaka chala kumva kutentha. Kunena zoona, kusiyanako sikunali kwakukulu. Munthu wosauzidwa sakanakuzindikira, ndipo iwo eni anali atagwira nsomba zotere moyo wawo wonse, ali ndi magulovesi m'manja, osakuzindikira.

Yasna anafotokoza pang'onopang'ono. Yoyambayo inali yodziwika, yokhala ndi dzina lake m'mabuku. Yachiwiriyo anaitola chaka chathacho pamulu wa zotaya padoko la ku Lebu lomwelo, ndipo ankakhulupirira kuti ndi mtundu wina, mbale wake wapafupi wa yoyambayo, umene palibe anaupatsa dzina. Khungu linkasiyana, mano ankasiyana pang'ono, ndipo kachidutswa ka nyama kamene anakapimitsa kanasonyezanso kusiyana. Koma aphunzitsi ake anamuuza kuti zimenezo zokha sizikwanira, chifukwa khungu ndi mano zimatha kusintha ndi msinkhu wa nsomba. Ankafuna kuona munga wachiwiri, wa chakumchira: kutalika kwake, kukhota kwake, ndi mmene umayenderana ndi chipsepse. Sanali kumuvutitsa dala. Kungoti mtundu watsopano sautchula dzina popanda nsomba yathunthu yoti isungidwe m'botolo ngati mboni.

"Ndiye onani apa," anatero Yasna. "Wina anadula."

A Baldomero anawerama n'kuyang'ana chitsa cha mungawo. Chinali chodulidwa pafupi ndi khungu, mopendekera kumanzere. Anakadziwa kadulidwe kake. Kanali ka chopanira chawo.

"Ndikufuna imodzi yokha, ababa, yathunthu. Thandizo la sukulu likutha nyengo ino ikatha. Ndikaipeza, andisunga kuti ndipitirize ntchitoyi komweko. Ndikapanda kuipeza, ndibwerera kuno."

Mayi Uberlinda anasiya kupukuta kapu. "Kuno kuli chipata chimodzi chokha," anatero, osayang'ana munthu.

Nyengo itayamba, a Baldomero anasintha kagwiridwe ka ntchito. Tollo ikagwera m'boti, ankaiponda kumutu ndi jombo, n'kuvula gulovesi ndi mano, n'kusisita khungu, ndipo akamva kuti ndi yachizolowezi m'pamene ankadula. Zinkawavuta kuposa mmene ankaganizira. Dzanja linkathamangira m'chiuno lokha, iwo n'kulibweza ngati akubweza galu. Chingwe chinkachedwa, ndipo anzawo sanalephere kuona.

Woyamba kuwaseka anali a Floridor, mnzawo wa zaka zambiri, amene ananyamula Yasna paubatizo, n'chifukwa chake awiriwa ankaitanana compadre.

"Compadre, ngati mukufuna mkazi wachiwiri tanenani, tikakufunsireni kumtunda. Izi zosisita nsomba pagulu zikutichititsa manyazi."

"Tsekani pakamwa, compadre, mungameze funde."

"Ndikawauza mayi Uberlinda. Iwo munawasisita liti chomwechi?"

Anthu onse anaseka, ngakhale kaputeni, koma kenako kaputeniyo anasuzumira pawindo n'kukuwira a Baldomero: "Don Baldo, chingwe sichidikira chipatala chanucho!"

Maulendo anapita, ena abwino, ena oipa. Zala za a Baldomero zinang'ambikang'ambika ndi mchere ndi kuzizira. Boti likangofika padoko, foni inkalira m'thumba, ndipo iwo anayamba kuiopa.

"Palibe, mwanawe."

"Palibe kanthu, ababa. Mwayenda bwanji koma?"

Mawu a Yasna ankanena kuti palibe kanthu, koma bambo ake ankamva kuti kanthu kalipo. Kunyumba mayi Uberlinda sankafunsa. Ankangoika tiyi ndi buledi patebulo n'kuyang'ana nkhope ya amuna awo, basi.

Ulendo womaliza wa nyengoyo unali woipa chiyambire. Mphepo ya kummwera inawapeza m'mawa akukoka chingwe, ndipo boti linkapendeka mpaka madzi kulowa m'mphepete. Chingwe chinapotana pansi, ndiye chinatuluka chili mtolo, mbedza zitakolanakolana, tollo zambiri zili lendelende. Mtolowo unagwera m'boti nthawi imodzi. Nsomba zinayamba kutsetsereka uku ndi uku ndi kupendeka kwa boti, minga ili njo. A Floridor anaterereka n'kugwa chokhala, manja ali pansi, ndipo mulu wonse unkapita kwa iwo.

A Baldomero sanaganize. Kapena tinene kuti sanapatsidwe mpata woganiza. Anagwada pakati pa nsombazo, chopanira chili kale m'dzanja. Kha, kha! Kha, kha! Minga inkalira m'chitini. Pamene boti linkawongoka n'kuti ntchito yatha, a Floridor akudzuka osalasidwa, akutukwana nyanja ndi mphepo ya kummwera. A Baldomero anali atagwira tollo yomaliza m'dzanja lamanzere. Gulovesi ya dzanja limenelo inali itang'ambika pachikhatho, ndipo pamene panang'ambikapo anamva kutentha.

Anavula gulovesi. Anasisita kuchokera kumchira kupita kumutu. Anasisitanso. Kenako anakhala pansi m'madzi momwemo, nsomba ili pamiyendo.

"Compadre, mwalasidwa?" anafunsa a Floridor.

"Ayi."

"Nanga mwatani?"

"Ndi iyi."

A Floridor anayang'ana nsombayo, nayang'ana zitsa ziwiri pamsana pake. Anabwerera kuchingwe, chifukwa kaputeni ankakuwa, ndipo a Baldomero anaikulunga nsombayo m'pulasitiki n'kuikwirira m'madzi oundana, padera.

Nyanja itadekha, ali panjira yobwerera, a Floridor anamasula chitini n'kuchibweretsa. Munali minga ya ulendo wonse, yaitali ndi yaifupi, yoyamba ndi yachiwiri, yosakanikirana ndi mamba ndi magazi. Anavundula ndi chala n'kutulutsa umodzi, wautali, wokhota bwino.

"Onani uwu. Mwana uja sanati wake ndi wautali? Ndi umenewu basi."

"Sananene choncho. Anati akufuna auone."

"Ndiye auone uwu. Unali pamwamba, ndauona ndi maso anga."

"Boti lagwedezeka tsiku lonse, compadre. Pamwamba ndi pati?"

A Floridor anakhala pafupi n'kutsitsa mawu. "Tamverani. Mwana ameneyu ndi wanganso, ndinamunyamula ine pamadzi a ubatizo. Nsomba ndi yomweyo, si bodza. Munga ndi wa m'chitini chomwechi, si bodza. Mungoti munatola pomwepo. Nsomba siyankhula, ine sindiyankhula. Kapena mukufuna mumuone akutuluka pachipata chija manja atatupa?"

A Baldomero anaulandira mungawo n'kuuika m'thumba la malaya. Koma polowa padoko sanakhuthule chitini monga mwa masiku onse. Anachiphimba ndi chiguduli n'kuchiika m'chikwama chawo. Iwo eni sankadziwa kuti pa ziwirizi adzatulutsa chiti.

Foni italira anangoti, "Ndaipeza, mwanawe," ndipo Yasna anakuwa mokondwa kwambiri moti iwo analephera kumuuza za minga yodulidwa. Mawa lake masana Yasna anatsika basi, ali ndi bokosi lake lija.

Nthawi imeneyi mayi Uberlinda sanadandaule za tebulo. Anayala okha pulasitiki. Yasna anamasula nsombayo mimba ili kumwamba, nasisita khungu, natsegula kukamwa n'kuona mano, ndipo anaseka ngati mwana wamng'ono.

"Ndi iyi! Ababa, ndi iyi, yaikulunso kuposa ija!"

Kenako anaitembenuza. Chala chake chinayenda pamsana n'kuima pachitsa chachiwiri, chodulidwa pafupi ndi khungu, mopendekera kumanzere. Chinakhala pamenepo.

"Bambo a Yasna," anatero mayi Uberlinda, "mwachita chiyani?"

A Baldomero anafuna kufotokoza za mphepo, za mtolo wa mbedza, za a Floridor ali pansi, koma zonsezo zinaoneka zazing'ono pamaso pa chala cha mwana wawo. Anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa munga uja. Anauika patebulo.

Nkhope ya Yasna inawala. "Munasunga! Ngati ndi wake ndingathe kuuyeza, ndilemba kuti unaduka pogwira. Ndi wake, ababa?"

Linali liwu limodzi lokha limene linkafunika. A Baldomero anayang'ana zala zokhota za akazi awo zitagwira m'mphepete mwa tebulo. Anayang'ananso Yasna, amene ankadikira ndi maso omwe aja amene ankawayang'ana nawo ali wamng'ono, akafunsa ngati boti lingamire. Nthawi imeneyo ankamuuza zoona, kuti lingamire koma iwo amasamala.

"Sindikudziwa," anatero.

Anatuluka, natenga chitini m'chikwama, nakhuthula minga yonse patebulo.

"Uli m'menemu. Koma kuti ndi uti, sindikudziwa."

Yasna sanalire. Anakoka mpando, natsuka mingayo m'beseni, nayamba kuisankha. Yoyamba, yaifupi ndi yowongoka, anaiika pambali. Yachiwiri anayamba kuiyesa umodziumodzi pachitsa, monga mmene munthu amalumikizira mbale yosweka. Bambo ake ankagwira nsomba kuti isayende. Anagwira ntchito imeneyi masana onse, tiyi n'kuzizira m'makapu. Koma chopanira sichidula ngati mpeni, chimaphwanya. Nsonga zonse zinali zophwanyika mofanana, zopendekera kumanzere mofanana, chifukwa zinadulidwa ndi dzanja limodzi. Ina inakana poyera. Koma inatsala ingapo imene inkaoneka ngati ikukwana, ndipo pakati pa imeneyo panali wautali uja, panalinso wina waufupi kwambiri.

"Tenga wautaliwo basi," anatero mayi Uberlinda. "Akudziwa ndani?"

"Amayi, nsomba imeneyi ikalowa m'botolo ndiye kuti yaimira mtundu wonse. Aliyense amene adzagwire ina, kaya ku Peru kaya kuti, adzabwera kudzaiyerekeza ndi iyi. Ndikaiveka munga wa inzake ndiye kuti ndasocheretsa onse obwera m'mbuyo mwanga."

"Obwera m'mbuyo mwako adzakudyetsa?"

Yasna anabwerera kuminga ija. Mayi Uberlinda anatembenukira kwa amuna awo.

"Inu mukanangoti inde. Iyeyu sakanadziwa, sakananama. Tchimo likanakhala lanu nokha. Zaka zonsezi mwadulira anthu minga osakupemphani, lero mwalephera kusenza kabodza kamodzi chifukwa cha mwana wanu?"

A Baldomero anaweramitsa mutu. Mpaka lero sanapeze yankho limene lingawakhutitse akazi awo, ndipo masiku ena siliwakhutitsa ngakhale iwo eni.

Yasna anatenga nsombayo, natenganso minga yotsalayo m'kabotolo kake, padera. Maphunziro anamaliza bwino. Analemba kuti zikuoneka kuti pagombe la Lebu pali mitundu iwiri ya tollo imene anthu amaiyesa umodzi, koma kuti umboni sunakwane. Aphunzitsi anayamikira kusamala kwake. Dzina silinaperekedwe, ndipo malo aja opitirizira ntchito kusukuluko anapatsidwa munthu wina amene ntchito yake inali itatha.

Tsopano Yasna ali ku Lebu. Amalowa pachipata cha fakitale m'mawa uliwonse. Sagwira mpeni, ayi. Amavala chovala choyera n'kumayendera matebulo kuona ngati nsomba zili zozizira mokwanira. Koma pansi ndi ponyowa pomwe paja, ndipo mayi Uberlinda akamapita kumsika amazungulira njira ina kuti asadutse pamenepo. Nsomba ziwiri zija zili m'mabotolo ku Concepción, zonse zopanda munga wachiwiri, zonse zodulidwa ndi dzanja limodzi. Yasna anazindikira zimenezi tsiku lomwe lija patebulo, koma sanazitchulepo.

A Baldomero anayenera kuti apume chaka chimenecho, chifukwa mawondo anatha. Sanapume. Chopanira anachipachika pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo amapita kunyanja m'chiuno muli pululu. Dzanja limathamangirabe pamenepo n'kugwira mphepo. Amene amadula tsopano ndi a Floridor, koma sadula asanamve mawu a compadre wawo, ngakhale kaputeni akuwe bwanji. A Baldomero analasidwapo kale pachala chachikulu, ndipo chikhadabo chinachoka. Ataona bandeji, a Segundo anangowaonetsa dzanja lawo louma lija n'kupukusa mutu.

Tollo yokanda ngati sandipepala sinabwerenso. Mwina imakhala pansi kwambiri, mwina ndi yochepa, palibe akudziwa. Boti likamalowa padoko tsiku limene Yasna sali kuntchito, iye amaima kumapeto kwa mlatho ndi bokosi lake la madzi oundana. A Baldomero amamuona ali patali n'kuyamba kukonzakonza zingwe zimene zakonzedwa kale. Ndiye a Floridor amakwera pamgolo wa ziwindi, n'kuika manja kukamwa, boti lisanagunde n'komwe.

"Palibe, mwana wanga! Bambo akowa angosisita akazi a eni ulendo wonse!"

Yasna amakweza dzanja kusonyeza kuti wamva. Koma sachoka. Amadikira mpaka bambo ake atsike, n'kuwalandira chikwama, ndipo amakwera limodzi chitunda cha kunyumba, bokosi lopanda kanthu likugunda pamwendo pake.